Juzi ija musailongedze msanga

Chaka ndi chaka, Ogasiti akamapita kumapeto, ndimaona zofanana m'makomo amene ndimayendera, kuno ku Zomba, kuyambira ku Matawale mpaka ku Jali. Dzuwa likangowomba masiku atatu otsatizana, amayi amasonkhanitsa majuzi, majekete ndi mabulangete onse, kuunjika m'thumba, kumanga, kukankhira kunsi kwa bedi. Sabata isanathe mwera wabwerera, phiri lafunda mitambo, ana akunjenjemera pakhonde, thumba lija likumasulidwa mwaphuma. Koma zowawa zenizeni zimadzaoneka Meyi wa chaka chinacho. Juzi imene inalowa m'thumba ili ndi thukuta imatuluka ili mawangamawanga a nkhungu, pena yobooka pamkono, ndipo banja limayambanso kusaka ndalama ya juzi ina pa nthawi imene mitengo yakwera pa kaunjika.

Ife alangizi timadziwika ndi nkhani za kasinthasintha wa mbewu ndi kasungidwe ka zokolola. Zovala nazonso ndi zokolola, chifukwa munazigula ndi ndalama ya nandolo, ya mpunga kapena ya ganyu. Mlimi amene sangaike chimanga chachiwisi m'thumba, n'chifukwa chiyani amaika bulangete lachinyezi m'thumba lomwelo?

Tiyambe ndi Zomba wathuyu, poti alibe nyengo imodzi. Tawuni ili m'tsinde mwa phiri, pa mtunda wa mamita pafupifupi 900 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Nsonga ya phirili, ya Malumbe, yapitirira pang'ono mamita 2,000, pamene nyanja ya Chilwa ili cha m'ma 600. Mukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. N'chifukwa chake mnyamata wogulitsa sitiroberi ku Ku Chawe, pamwamba pa phiri, amakhala atavala jekete pa ola lomwe msodzi wa ku Kachulu wavula malaya, ndipo wa ku Chingale, kuseri kwa phiri cha kumbali ya Shire, amadabwa tikamadandaula za chisanu. Tsono sindingakupatseni tsiku limodzi lolongedzera zovala loti likomere boma lonse. Yang'anani za kwanuko. Mame akayamba kuchuluka m'mawa, udzu n'kuyamba kufiira cha mu Epulo, dziwani kuti chisanu chili m'njira. Mitengo ya miombo ikaphuka masamba ofiira, kutentha kwayandikira koma sikunakhazikike. Nyenje zikayamba kulira mogonthetsa m'kutu, apo ndiye chilimwe chakhwima, ndipo bulangete lolemera likhoza kupuma.

Juni ndi Julayi savuta kuwavalira, aliyense amadziwa kuti kukuzizira. Okutobala nayenso sabisa mawanga. Amene amatigwira njakata ndi masabata apakati, pamene nyengo ina ikutsanzika inzake isanafike: kumapeto kwa Epulo kulowa Meyi, kumapeto kwa Ogasiti kulowa Sepitembala, komanso masiku a chizimalupsa mvula yeniyeni isanayambe. Pamenepa tsiku limodzi limakhala ndi nyengo zitatu. Mumadzuka mpweya ukutuluka ngati utsi m'kamwa, pofika 11 koloko thukuta lili kamukamu, dzuwa likangobisala kuseri kwa phiri, paja kuno limabisala msanga, mphepo yayambiranso.

Mankhwala ake ndi kuvala mosanjikiza. Chimene chimafunditsa munthu ndi mpweya wotsekeredwa pakati pa nsalu, thupi n'kuutenthetsa. Zovala zitatu zopyapyala zimasunga mpweya m'mipata yake, ndipo kukatentha mumavula chimodzi osachita manyazi. Chijekete chimodzi chokhuthala pamwamba pa vesiti chimakusiyani ndi njira ziwiri zokha, kupsa kapena kuzizidwa. M'kati valani chathonje chomwa thukuta, pakati juzi yopepuka, makamaka yamabatani kapena yazipi, kunja chotchinga mphepo. Inu achimwene a kabaza wa njinga zamoto, chakunjachi ndiye chofunika kuposa zonse, pakuti juzi yoluka, ingakhuthale bwanji, mphepo imadutsa m'mabowo mwake ngati madzi m'sefa. Amayi kale anaitulukira nzeruyi. Chitenje chimodzi m'chikwama chimakhala chofunda m'mawa, mthunzi masana, mbereko madzulo, ndipo palibe jekete ya m'sitolo imene ingagwire ntchito zitatuzi.

Pali kanthu kena kokhudza thonje kamene ambiri sakalabadira. Limamwa thukuta bwino koma limachedwa kuuma, ndipo likanyowa limazizira pathupi. Amene mumakwera phiri kukatola nkhuni kapena kulima m'dimba m'mawa wa Juni, musakhale pansi kupuma mutavala malaya onyowa ndi thukuta. Tengani ena ouma m'kathumba, musinthe.

Tsono pogawa zovala, ndimalangiza milu itatu, osati iwiri. Wina ndi wa nyengo imene ikubwera, wina wa nyengo imene yatha, ndipo wachitatu, umene ambiri amauiwala, ndi wa zovala zosalongedzedwa chaka chonse. Mu mulu wachitatuwu munthu aliyense pabanja akhale ndi juzi imodzi yopepuka, masokosi, ndi malaya a manja aatali. Chiperoni, kamvula kowaza kozizira kaja kamene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, sichifunsa kuti mwalongedza kale. Ngakhale pakati pa dzinja, mvula ikagwa masiku atatu osakata, kumazizira ndithu. Amene anathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 akudziwa kuti chimene chinkasowa usiku chinali chofunda chouma. Malaya a manja aatali aja ndi othandizanso madzulo a dzinja pamene udzudzu wachuluka, musanalowe mu neti.

Polongedza, musalongedze tsiku limodzi. Yambani ndi zolemera kwambiri, monga majekete a ubweya m'kati ndi bulangete lachiwiri. Majuzi apakati adikire masabata awiri kapena atatu. Potulutsanso chimodzimodzi, zopepuka ziyambe mu Epulo, zolemera zidikire Meyi akhazikike.

Apa ndiye pagona nkhani. Chovala chilichonse chichapidwe chisanalowe m'thumba, ngakhale chikuoneka choyera, ngakhale chinangovalidwa kamodzi kutchalitchi. Thukuta, mafuta odzola ndi madontho a ndiwo ndi chakudya cha tizilombo. Njenjete imene imadya zovala si gulugufe wamkulu uja ayi, ndi timphutsi take, ndipo timakonda ubweya wa nkhosa, makamaka pamene pali litsiro. Mphemvu zimatsata paliponse pamene panadonthera phala kapena mkaka, n'chifukwa chake zovala za ana ndi zimene zimabooka kwambiri pachifuwa. Tsukuluzani mpaka sopo athe. Juzi ya ubweya weniweni musaichape ndi madzi otentha kapena kuipotokola, imafota n'kusanduka ya mwana. Ifinyeni pang'onopang'ono, muiyale pamphasa yoyera kapena pathandala kuti isatamuke mapewa.

Mabulangete chapani mu Sepitembala. Dzuwa limakhala lokwanira kuumitsa tsiku limodzi, komanso madzi asanayambe kuvuta m'zitsime monga zimakhalira Okutobala akafika. Zamitundu muziyanike mutazitembenuza kuti zisasuluke. Anulani dzuwa likadalipo, cha m'ma 3 koloko, chinyezi cha madzulo chisanatsike. Poyesa ngati chauma musagwire pakati, gwirani m'khosi, m'matumba, m'chiuno mwa buluku ndi m'misoko, muja ndi mobisala madzi. Mukakayika, yanikaninso mawa lake. Tsiku limodzi lowonjezera silingafanane ndi miyezi 7 imene chovalacho chikhale chotsekeredwa, ndipo yambiri mwa miyeziyo ndi ya mvula.

Kodi mulongedze m'chiyani? Sutikesi, chikwama cha mashangani, kapena ndowa yaikulu ya pulasitiki yokhala ndi chivindikiro, zonse n'zabwino malinga zovala zauma gwa. Pulasitiki ndi mlonda wopanda nzeru, amatsekera chinyezi kunja, koma mukachilowetsa nokha amachitsekera m'kati. Katoni sindiivomereza chifukwa imamwa chinyezi ndipo chiswe chimaikonda. Ndaonanso ambiri akugwiritsa ntchito matumba a feteleza. Ngati palibe china, achapeni kaye bwinobwino ndi kuwaumitsa, popeza zotsalira za feteleza, makamaka yureya, zimakoka chinyezi. Thumba limene munali chimanga chothira Actellic lisayandikire zovala, ndipo chonde musawaze mankhwala a chimanga m'zovala poti muphe njenjete. Ndinapezapo bambo wina atachita zimenezi pa bulangete la ana, akuti zimene zimapha anankafumbwe zipha chilichonse.

Timibulu toyera tonunkha tija togulitsidwa m'magolosale timathamangitsadi tizilombo, koma ndi poizoni. Mwana wokwawa amayesa switi, ndipo fungo lake likhoza kudwalitsa khanda. M'zovala za makanda musaikemo, ndipo zina zonse zimene zinasungidwa nato muzichape musanavale. Ine ndimakonda masamba a nimu ouma bwino, omangidwa m'kansanza, chifukwa ndi aulere ndipo saopsa chotero. Masamba aawisi ayi, mungakhale mwaikamo chinyezi ndi manja anu.

Katunduyu asagone pansi. Monga timachitira ndi matumba a chimanga, muikeni pathandala, pa njerwa zoyala thabwa, kapena mumupachike, ndipo asagunde khoma. Makoma a nyumba zambiri za m'tsinde mwa phiri, ku Chikanda, ku Sadzi, ku Chinamwali, amachita thukuta mu Januwale ndi Febuluwale. Inu a m'mbali mwa Likangala ndi m'madambo oyandikira Chilwa, pachikani m'mwamba ndithu, zofunda zili m'pepala la pulasitiki lomanga bwino. Tsiku lina dzuwa likatuluka pakati pa dzinja, masulani, mununkhize, muyanike maola angapo, mubwezeremo. Nkhungu ikagwidwa ikadali fungo chabe imachoka ndi dzuwa ndi sopo, ikafika pa madontho akuda ndiye yakhazikika.

Zovala za dzinja zili ndi mdani wakewake. Pali ntchentche ina imene imaikira mazira pa dothi kapena pa nsalu yonyowa ya fungo la mkodzo kapena thukuta, makamaka pamthunzi. Timphutsi take tikakhudza khungu timaboola n'kulowa, pamatuluka chithupsa chokhala ndi kabowo pakati. Ana ndi amene amavutika nazo kwambiri kudzera m'matewera ndi zovala zoyanika pa udzu kapena pa mpanda. Mangani chingwe padzuwa, ndipo sitani mbali zonse ndi simbi yotentha, kaya ya makala kaya ya magetsi, osaiwala m'misoko. Makala akachepa, yambani ndi zamkati ndi za ana, suti ya abambo idikire. M'nyengo imeneyi nsalu za poliyesita zimathandiza chifukwa zimauma msanga, pamene jinzi imatha masiku awiri ikudontha. Koma poliyesita yemweyo mu Okutobala ndi ng'anjo, ndipo pafupi ndi moto imasungunuka n'kumatirira pakhungu. Musayanike zovala pamwamba pa mbaula, ndipo mbaula yoyaka isagone m'chipinda chotseka, utsi wa makala wosaoneka uja umapha anthu ali m'tulo.

Za makanda ndinene mwachidule. Khanda limataya kutentha msanga kuposa wamkulu, choncho livekeni chovala chimodzi kuposa chimene mwavala inu, ndi kachipewa kukazizira. Wobadwa masiku asanakwane amafunda bwino pachifuwa cha mayi, khungu kukhudza khungu, njira ya kangaru imene m'dziko muno inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Koma agogo, chonde, kukulunga mwana m'mabulangete atatu masana a Sepitembala si chikondi. Gwirani kumbuyo kwa khosi lake, mukapeza thukuta chotsani chimodzi.

Nthawi yolongedzayi ndi yomwenso muonere zimene zachepa. Mwana wa zaka 5 sadzakwananso juzi yomweyo chaka chamawa, tsono musaisungire njenjete, ipite kwa mng'ono wake kapena kwa mwana wa oyandikana nawo. Yong'ambika ipite kwa atelala tsopano, batani lisokedwe, zipi ikonzedwe, chifukwa mu Meyi mudzaifuna m'mawa womwewo. Ndipo ngati pali kandalama, juzi imagulidwa kukutentha. Mabelo a kaunjika amachokera kumaiko amene chisanu chawo chimagwa ife tili m'dzinja, ndiye majekete amapezeka pa mulu ngakhale mu Okutobala, pamene wogulitsa akungofuna kuti achoke. Pitani mu msika waukulu wa mtawuni, ku Songani kapena ku Thondwe mutalemba kale pa kapepala zimene zikusowa, paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Wa ana mugulire yokulirapo, muichape, muiumitse, ilowe m'thumba limodzi ndi zinzake.

Nsapato zachikopa zimene simuzivala m'matope muzipukute, muzipake polishi, muike nyuzipepala youma m'kati, koma zisalowe m'pulasitiki, chikopa chimafuna mpweya. Majombo ndi ambulera muzitulutse Okutobala asanathe. Thirani madzi m'jombo muone ngati ikudontha, ndipo ikatero mupite nayo kwa amene amamata machubu a njinga, mvula yobzalira isanagwe.