Ana a Sitandade 1 azolowerane bwanji sabata yoyamba?

Mwafunsa kuti sukulu zikatsegulidwa mu Sepitembala, ana ambirimbiri osadziwana aja muwayambire pati kuti azikondana.

Tsiku loyamba akhazikeni mozungulira, ngakhale pansi pa mtengo. Aliyense atchule dzina lake ndi mudzi wake, anzake abwereze mokweza. Apa musathamange, aphunzitsi. Mwana wodziwika dzina anzake samusiya pa masewera.

Kenako aliyense mumpatse mnzake woyenda naye, makamaka uja wolira pofuna amayi ake. Malamulo pangani nawo limodzi, atatu akwana. Ngati pasukulupo pali phala, wamkulupo athandize wamng'ono kunyamula kapu.

Lachisanu aliyense atchule amene wamuchitira zabwino sabatayo, ndipo kalasi yonse imuwombere m'manja.