Momwe mungalawire mowa musanaunyoze

Mowa wambiri umene anthu amaunena kuti ndi woipa unachoka kufakitale uli bwino, unaonongekera m'njira. Choncho kulawa kumayambira pogula.

Onani deti pabotolo, kenako onani pamene wogulitsa amaika makireti. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Botolo lobiriwira limalowetsa kuwala kwambiri kuposa lakhofi. Dzuwa likaomba mowa, ma hops, omwe amaupatsa kuwawa, amasintha n'kutulutsa fungo lonunkha ngati la kanyimbi. Sizitenga tsiku, mphindi zochepa padzuwa lamasana zimakwana, ndipo furiji sibweza zimenezi. Ogulitsa ena amaunjika makireti pakhonde tsiku lonse, madzulo n'kuwaponya mufuriji. Mukagwira botolo likuzizira bwinobwino, koma mowa unapita kale. Wotsitsa mtengo modabwitsa naye mukayikireni, kawirikawiri deti yayandikira. Mowa wokalamba umamveka ngati katoni yonyowa.

Tambula itsukuluzeni ndi madzi okha. Sopo wotsalira kapena mafuta a kanyenya pamilomo amapha thovu. Lager, mowa woyera wa m'botolo uja, izizire madigiri 4 mpaka 7. Stout, mowa wakuda uja, ifunika 10 mpaka 13, muitulutse mufuriji ikhale kaye mphindi khumi, chifukwa kuzizira kwambiri kumabisa kukoma kwa chimera chokazinga.

Pendeketsani tambula pothira, ikafika theka iimikeni kuti thovu likwere zala ziwiri. Yang'anani mtundu. Nunkhizani musanamwe, fungo limathawa msanga. Imwani pang'ono, muuyendetse m'kamwa, mumeze, mudikire kuti mumve chotsalira kukhosi. Ngati mukuyerekeza mitundu ingapo ya mowa, yambani ndi wopepuka ngati Kuche Kuche, stout pomaliza, madzi pakati. Itatu yakwana, kupitirira apo lilime limanama.

Mowa uliwonse uweruzeni ndi mtundu wake. Chibuku ndi masese amayenera kuwawasa pang'ono ndi kukhala ndi misere, musafunemo kuyera kwa lager. Chibuku chimapitiriza kuwira mupaketi, chatsopano chimatsekemera, chogonera chimawawasa ndipo chimakhala ndi mphamvu. Khutchumulani musanatsegule.

Kumudzi, chipanda landirani ndi manja awiri, mwini mowa ayambe walawa. Ngati wasasa, auzeni amayi ofulula pambali, osati pagulu. Ndipo "sunandikomere" ndi mawu osiyana ndi "ndi woipa". Nenani chimene mwamva: wawawa kwambiri, ngwamadzimadzi, ukumveka utsi. Woyendetsa galimoto asalawe nawo.