Kwa aphunzitsi atsopano amene mwatumizidwa kumudzi

Anzanga amene mwangochoka ku TTC (koleji yophunzitsa aphunzitsi), sabata yoyamba musathamangire kumaliza silabasi ayi, yambani mwawadziwa ana anu. Mukapeza ana 100 mu Sitandade 1 atakhala pansi, ena pansi pa mtengo, agaweni m'timagulu, gulu lililonse likhale ndi mtsogoleri wake, ndipo kanyimbo kamawakhazika chete kuposa kukalipa. Mwana akamasinza kapena wabwera opanda kope chonde musamubweze, ambiri amadzuka osadya kanthu akungodikira phala la kusukulu, makolo alawirira ku ganyu. Ine ndimadula mapensulo pakati ndikusunga m'chikwama. Pa masamu ana atole okha timiyala ndi zitsekerero za mabotolo. Komanso kaonaneni msanga ndi a komiti ya sukulu ndi amfumu, pa nkhani ya ana ojomba amathandiza kwambiri.