Malangizo a Thermostat ya Usana ndi Usiku pa Khola la Nsato ya Ball Python

Werengani pepala lonseli musanalowetse pulagi m'soketi. Njoka isalowe m'khola mpaka thermostat, makina olamulira kutentha kwa zotenthetsera, itagwira nchito masiku awiri athunthu, usana ndi usiku, inu mukupima ndi kulemba manambala.

Ball python, imene asayansi amaichula kuti Python regius, ndi nsato yaing'ono ya kumadzulo ndi pakati pa Africa, maka ku Ghana, Togo ndi Benin. Si nsato yathu ya m'madambo ija imene imapitirira mamita 3. Iyi ikakula imafika mita imodzi kapena imodzi ndi theka, ndipo ikacita mantha imadzikulunga ngati nkhata, mutu n'kubisa mkati. Kwawo imaswera m'mauna a makoswe ndi m'zulu, mmene simuzizira kwenikweni, n'kumatuluka kukada. Thupi lake silipanga kutentha palokha. Likazizira, cakudya cimaima m'mimba. Likatenthedwa mopitirira, njoka imafa msanga. Lusaka ali pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo m'bandakuca wa Juni ndi Julayi kumazizira mpaka pansi pa 10°C, cisanu cimene njoka iyi sinabadwire. Yosungidwa bwino imakhala zaka 20 mpaka 30, conco nchito imeneyi ndi ya tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali.

Mtunduwu uli pa ndandanda yaciwiri ya pangano la CITES, la maiko loyang'anira malonda a nyama za kuthengo. Musanaitanitse kapena kusunga njokayi, funsani za cilolezo ku Department of National Parks and Wildlife ku Chilanga.

Magetsi

Magetsi a m'Zambia ndi a 230V. Zotenthetsera zambiri zogulidwa ku America ndi za 120V, ndipo zikalumikizidwa kuno zimapsa, mwinanso kuyatsa moto. Onani cizindikiro pansi pa cipangizo ciliconse. Phatikizani mawati a zotenthetsera zonse zimene mufuna kulumikiza, ndipo asapitirire nambala yolembedwa pa thermostat. Bokosi la thermostat likhale kunja kwa khola, pamalo ouma. Ngati pagalasi pakuoneka cilembo F, sinthani cikhale C. 90°F ndi 32°C, ndipo 75°F ndi 24°C. Munthu woika 90 poganiza kuti makina ali pa F pamene ali pa C walamula cotenthetsera kuti cisazime konse.

Manambala ofunika

Khola likhale ndi mbali yofunda ndi mbali yozizirirapo, ndipo mbali iliyonse ikhale ndi kaphanga kake kobisalamo. Njoka imadzisankhira yokha pokhala. Mukaika kaphanga kamodzi cabe, idzasankha kubisala ngakhale pamalopo pakutentha kapena kuzizira koipa, cifukwa kwa iyo mantha amaposa zonse.

Usana, pansi pa kaphanga ka mbali yofunda pakhale 31°C mpaka 33°C. Mbali yozizirirapo ikhale 24°C mpaka 27°C. Pasapezeke paliponse pamene njoka ingagone popitirira 35°C. Usiku mpweya wa m'khola ungatsike kufika 24°C, ndipo 22°C ndiwo malire. Pansi pake musalole. Khola la masentimita 120 m'litali limakupatsani mpata wosiyanitsa mbali ziwirizi. M'kabokosi kakang'ono zonse zimafunda cimodzimodzi, ndipo njoka imasowa kothawira.

Kuika probe

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, ndipo zilonda zambiri za moto pa mimba za njoka zimayambira pomwepa. Probe ndi kamutu kali kumapeto kwa cingwe coonda cocokera ku thermostat. Makina sadziwa za khola lonse. Amadziwa pamene kamutuko kagunda basi. Kakasunthira ku mbali yozizira, kapena kakagwera m'mbale ya madzi, makina amaganiza kuti khola lazizira ndipo amatsegulira cotenthetsera mphamvu yonse, pagalasi nambala ikuoneka yabwinobwino.

Ngati mukugwiritsa nchito kamphasa kotenthetsera ka pansi, kaikeni kunja kwa khola, kuphimbe gawo limodzi mwa magawo atatu a pansipo. Probe ilowe pakati pa kamphasa ndi galasi, pamene njoka singaikankhe. Kwezani khola pang'ono ndi timiyendo kuti mpweya uzidutsa. Kenako kankhirani pambali zoyala za m'khola ndi kupima pagalasi penipeni mkati, cifukwa njoka imakumba mpaka kugona pamenepo. Pamwamba pa zoyala pangaonetse 30°C pamene galasi pansi lili pa 40°C. Nambala ya pa thermostat muisinthe pang'onopang'ono, digiri imodzi pa ola, mpaka galasi la mkati lifike 32°C.

Ngati kutentha kukucokera kumwamba, pa babu ya halogen kapena ya ceramic, mangani probe pansi pa babuyo, pa msinkhu wa msana wa njoka ikagona. Imangeni ndi tizingwe ta pulasitiki kapena guluu wa moto. Selotepi ndi tepi ya magetsi zisalowe m'khola. Zimamatuka ndi cinyezi, n'kukakamira pa mamba, ndipo pozicotsa khungu limang'ambika. Babu iliyonse ili mkati itsekedwe ndi kakhola ka waya. Ya ceramic siwala, conco munthu sazindikira kuti yayaka, koma imatentha zoti n'kuwaula cala pomwepo, ndipo imafuna soketi ya ceramic, osati ya pulasitiki.

Musadalire kuti njoka idzacoka ikamva kupsa. Kawirikawiri sicoka. Imagona pomwepo mpaka mimba itacita matuza. Pa cifukwa comweci, miyala yotenthetsera ya magetsi musaigule, ndipo cotenthetsera ciliconse cidutse pa thermostat, ngakhale kwa usiku umodzi wokha.

Thermostat yongoyatsa ndi kuzimitsa imakwanira pa kamphasa. Ya mtundu wa pulse ndiyo yoyenera babu ya ceramic. Babu yowala imafuna ya dimming, imene imacepetsa mphamvu mosadukiza. Pa mitundu inayo babu imathwanima ndipo imapsa msanga.

Gulaninso themomita ziwiri za digito, imodzi mbali iliyonse, ndi ina ya infrared yongolozetsa. Zozungulira zomata pagalasi zija zimaphonya ndi madigiri angapo.

Nthawi ya usana ndi usiku

Yambani ndi kukonza wochi ya makina. Usana uyambe 06:00, usiku uyambe 18:00. Kwawo kwa njokayi ndi kufupi ndi equator, kumene kuwala ndi mdima zimagawana pafupifupi maola 12, ndipo kuno kusiyana kwake n'kocepa.

Nambala ya usiku ikhale yotsika ndi madigiri 2 mpaka 4 kuyerekeza ndi ya usana. Ena amazimitsa zonse dzuwa likalowa poti m'chire namo kumazizira. Zimenezo zingatheke m'nyumba ya ku Chirundu mu Novembala. M'nyumba ya malata yopanda siling'i ku Lusaka, Kabwe kapena Chipata mu Julayi, ndiko kudwalitsa njoka. Babu yowala izime usiku, koma kamphasa kapena ceramic zipitirize. Mababu ofiira ndi abuluu ogulitsidwa kuti ndi a usiku asiyeni; kuwala kwake kumasokoneza njoka pa nthawi imene imafuna mdima.

Njoka ikadya, musatsitse kutentha kwa kaphanga kofunda kwa masiku awiri kapena atatu, ndipo musainyamule kwa maola 48. Ana a njoka ndi njoka yodwala asatsitsiridwe konse.

Kutentha kumaumitsa mpweya, makamaka kwa ceramic, ndipo kuyambira Meyi mpaka Okutobala mpweya wathu ndi wouma kale. Cinyezi ca m'khola cikhale 55% mpaka 65%, ndipo cikwere kufika 70% kapena kuposerapo pang'ono maso akacita mbuu posonyeza kuti ifundula. Thirani madzi pang'ono m'makona mwa zoyala, ndipo phimbani mbali yaikulu ya waya wa pamwamba, kutali ndi babu. Pamene njoka imagona pakhale pouma.

Malaiti akapita

Mu 2024, madzi atacepa m'damu la Kariba, madera ambiri ankakhala opanda magetsi kwa mbali yaikulu ya tsiku. Wosunga njoka iyi m'Zambia akonzekeretu. Maola ocepa a masana si vuto. Coopsa ndi usiku wonse wa m'nyengo yozizira.

Kamphasa kamadya mawati ocepa kwambiri poyerekeza ndi ceramic, conco ndiko koyenera kulumikiza ku inivata kapena batiri la sola, kudzera pa thermostat monga mwa masiku onse. Ngati mulibe, fundikani khola ndi bulangeti, kusiya kampata ka mpweya, ndipo lisunthireni m'cipinda cofunda, kutali ndi zenera ndi simenti ya pansi. Thirani madzi ofunda, osati owira, m'botolo lotsekeka bwino, likulungeni ndi thaulo, lipimeni ndi infrared, kenako liikeni pafupi ndi kaphanga. Lisinthidwe likazizira.

Mbaula isalowe m'cipinda ca njoka. Utsi wosaoneka wa makala umapha njoka ndiponso munthu wogona momwemo. Jenereta nayo ikhale panja.

Onani ndandanda ya ZESCO ya kuzima kwa magetsi m'dera lanu musanadyetse njoka. Ngati magetsi adzasowa usiku wotsatira, dikirani. Njoka yaikulu yathanzi sivutika ndi kudumpha mlungu umodzi, koma khoswe woolera m'mimba yozizira amaivulaza. Magetsi akabwera, yang'anani wochi. Makina ena amaiwala nthawi, n'kuyamba usana pakati pa usiku.

Okutobala

Thermostat imadziwa kuzimitsa cotenthetsera, koma siziziritsa khola. Cipinda cikafika 33°C, mbali yozizirirapo palibenso. M'zigwa za Luangwa ndi Zambezi kumadutsa 40°C, ndipo kutentha kotere kumapha m'maola ocepa, msanga kuposa cisanu. Zimitsani mababu masana, tsitsani khola pansi pa simenti, ikani botolo la madzi oundana lokulungidwa m'nsalu pamwamba pa waya wa mbali yozizira, ndipo m'mbale mukhale madzi atsopano. Dzuwa la pazenera lisagunde galasi pa nyengo iliyonse. Njoka yodziviika m'mbale ya madzi tsiku lonse, kapena yoyendayenda masana ikukankha civindikiro ndi mphuno, ipimireni kutentha musanaganize zina.

Kuyang'anira

M'mawa uliwonse, makamaka ca m'ma 05:00 pamene kumazizira kwambiri, ndiponso masana ca m'ma 14:00, werengani themomita zonse ziwiri ndi kulemba m'kabuku. Kamodzi pa mlungu gwirani probe muone ngati idakali pamalo pake, ndipo yang'anani zingwe ngati zang'ambika. Nyengo ikasintha, mu Meyi ndi mu Seputembala, pimaninso zonse monga pa tsiku loyamba.

Ball python imakana cakudya kwa milungu ingapo popanda matenda, makamaka yaimuna m'miyezi yozizira. Koma ikasanza cakudya, ikamapuma yasamu kapena molira, ikacita malovu okhuthala kukamwa, kapena mamba a kumimba akafiira ndi kucita matuza, konzani kutentha tsiku lomwelo ndipo pitani nayo kwa dokotala wa ziweto wodziwa za njoka. A ku Lusaka angafunse ku sukulu ya zaudokotala wa ziweto ya pa University of Zambia. Musapake mafuta kapena mankhwala a anthu pa cilonda ca moto. Yalani mapepala oyera m'malo mwa zoyala, ndipo popita tengani kabuku ka manambala kaja.