Kusaka nkhwali ndi galu amene maso ayamba kumuvuta

Alenje a ku South Africa amene amasaka nkhwali ndi nkhanga m'nyengo yozizira amadalira agalu a mitundu ya pointer ndi setter, amene akamva fungo la mbalame amaima chilili, mchira uli tolotolo, kudikira mwini wake afike ndi mfuti. Ntchito imeneyi ndi ya mphuno, choncho galu wotere akayamba kuona mwachimbuuzi sindiye kuti uzimba wamuthera. Chofunika kusintha ndi malo osakako komanso njira yolankhulirana naye.

Poyamba, pitani naye kwa dokotala wa ziweto kuti adziwe chimene chikuwononga masowo. Agalu ambiri okalamba maso awo amaoneka otuwa ngati utsi koma amaonabe ndithu, ndipo zimenezi n'zosiyana ndi ng'ala, imene kawirikawiri imabwera msanga kwa galu wodwala shuga ndipo madokotala amatha kuichotsa pa opaleshoni. Palinso matenda akumtundu otchedwa PRA, amene analembedwa koyamba ku Sweden mu 1911 pa agalu a mtundu wa Gordon setter. Matendawa sapweteka ndipo alibe mankhwala. Amayamba ndi kulanda galu mphamvu yoona mumdima, n'chifukwa chake mwini wake amadabwa kuona galu akuzengereza kudumphira m'galimoto mbandakucha pamene masana ali bwinobwino. Galu wopezeka nawo musamuberekanitse. Koma diso likafiira, n'kutupa, galu n'kumalitsinzina ndi ululu, imeneyo ikhoza kukhala glaucoma, nthenda imene madzi amachuluka m'kati mwa diso n'kumalipanikiza, ndipo siyogona nayo tsiku.

Kuthengo, sankhani malo amene galuyo wawazolowera kwa zaka, a udzu waufupi, ndipo muyambe mwawayenda nokha kuti mudziwe pamene pali waya waminga, ziputu, maenje ndi zigwembe. Waya ndiye woopsa kwambiri, chifukwa galu akagwira fungo amathamanga mosabweza, ndipo minga zake zimang'amba chifuwa kapena maso omwe akumuvutawo. Tulukani dzuwa litakwera, ndipo mubwerere chisisira chisanagwe. Nthawi zonse yendani moyang'anizana ndi mphepo kuti fungo lizimupeza lokha, asamachite kuliyendera patali.

Zizindikiro za manja zimene munamuphunzitsa ali wamng'ono zilibenso ntchito. Muphunzitseni pabwalo la pakhomo, maso asanatheretu, kulira kwa wezulo kosiyanasiyana: kumodzi kutanthauze kuima pomwepo, kuwiri kutembenuka, kotalika kubwerera kwa inu. Lamulo loima ndilo lofunika kulimbikira kuposa onse, popeza ndi limene lingamuimitse pamphepete pa chigwembe. Masiku oyamba mumangeni chingwe cha mamita ngati 10, muzichisiya chikukwekwereka pansi kuti muzitha kuchiponda pakafunika. Mumangireninso kabelu m'khosi, ndipo kena muzikamanga pa lamba wanu. Ambiri amaiwala kachiwirika, chonsecho galu amene sakuonani amaima kaimeime kukumvetserani, ndipo ntchito imasokonekera.

Mbalame ikagwa, galu woona amaloweza pamene yagwera, koma uyu sangatero. Mutsogolereni kumunsi kwa mphepo, pafupi ndi pamene yagwera, kenako mumusiye aifufuze yekha, ngakhale zitenge nthawi. Musamutolere, chifukwa galu wolandidwa ntchito imeneyi pafupipafupi amayamba ulesi. Uzaninso anzanu onse kuti asawombere mbalame youluka chapansipansi, popeza galuyu akamva mapiko akhoza kulumphira komwe kukupita zipolopolo.

Musamuphatikize ndi ana agalu aphuma amene angamugunde, ndipo muzimutchula dzina musanamugwire, pakuti galu wodzidzimutsidwa amaluma ngakhale mbuye wake. Pobwera kuthengo, tsukani maso ake ndi madzi amchere ogula kufamase, n'kuyang'ana pansi pa zikope ngati mwalowa njere za udzu. Mukaona kuti makutu nawonso ayamba kugontha, kapena akungoyenda chophatikana ndi miyendo yanu osafuna kutalikira, lekani kupita naye kumene kuli mfuti, muzingomubisira phiko la nkhanga m'udzu wa kuseri kwa nyumba kuti azilifunafuna madzulo.