Kugwiritsa ntchito galasi pa dzanja lofooka ndi sitiroko

Njira yoyang'ana dzanja labwino m'galasi pamene lodwala labisika kuseri inatchuka ndi V.S. Ramachandran, katswiri wa za ubongo, m'zaka za m'ma 1990, pothandiza anthu odulidwa mkono amene ankamvabe ululu ngati mkonowo ulipo. Mu 1999 inayesedwanso kwa odwala sitiroko. Ubongo ukaona dzanja labwino likuyenda m'galasi, umaliyesa lodwala lija, ndipo mbali zake zolamulira dzanjalo zimayamba kudzuka.

Galasi wamba la kumsika wa Kamwala ku Lusaka likwanira, bola likhale lotalika ndithu kuti libise mkono wonse wodwala, komanso losapotoza nkhope. Wodwala akhale tsonga patebulo. Imikani galasi pakati pa chifuwa chake, mbali yowala iyang'ane dzanja labwino, lodwala likhale kuseri. Dzanja lodwalalo liikeni pa pilo, chifukwa phewa lofooka likalendewera limaguluka n'kuyamba kupweteka.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Vulani mphete, wotchi ndi zibangili kudzanja labwino, ndipo manja onse agone mofanana. Ubongo ukangoona wotchi pamene sikhala, umatha kuzindikira kuti ndi chithunzi chabe. Maso akhale m'galasi, osati pa dzanja lenileni. Wailesi izimitsidwe.

Yambani ndi kufumbata ndi kutambasula zala pang'onopang'ono, kenako kukweza chikhatho, kuchitembenuza, mpaka kutola kapu kapena kupukuta tebulo ndi kansalu. Dzanja lakuseri liyese kutsanzira, koma osalikakamiza.

Mu 2018 bungwe la Cochrane, losonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa zaumoyo, linaunika kafukufuku 62 wa anthu 1982, n'kupeza kuti galasi limathandiza kayendedwe ka ziwalo ndi ntchito za tsiku ndi tsiku. Mlingo wapakati unali mphindi 30 patsiku, masiku 5 pa sabata, kwa masabata 4. Amene amatopa msanga agawe mphindizo pawiri, m'mawa ndi madzulo. Ofufuza ena tsopano akuphatikiza galasi ndi makina otekenya minofu ndi magetsi, ena akuyesa zithunzi za pa kompyuta, koma ife tikuona kuti kunyumba chofunika kwambiri ndi kusadumphitsa masiku.

Wodwala akamva chizungulire, nseru kapena ululu ukamakula, lekani. Amene saona bwino, wosokonezeka maganizo, kapena amene sazindikira mbali imodzi ya thupi lake, ayambe waonedwa ndi a fiziyo, akatswiri olimbitsa ziwalo, ku chipatala cha UTH kapena cha Levy Mwanawasa ku Lusaka. Galasi ndi lowonjezera chabe: masewera olimbitsa ziwalo ndi mankhwala a BP zipitirire monga anauzira a dokotala.