Kasamalidwe ka odwala matenda a shuga m'nyumba zosungirako okalamba

Munthu wodwala matenda a shuga akalandiridwa m'nyumba yosungirako okalamba, alemberedwe ndondomeko yakeyake yosonyeza mankhwala amene amamwa kapena kubaya, nthawi zake zodyera, mmene impso zake zikugwirira ntchito, ndiponso mlingo wa shuga umene dokotala waona kuti ndi womuyenera. Ndi bwinonso kuyeza magazi a aliyense wobwera kumene, popeza ena amakhala ndi matendawa kwa zaka osadziwa, anthu n'kumati ludzu, kukodzakodza ndi kufooka kwawoko ndi ukalamba chabe.

Choopsa kwambiri kwa anthu oterewa si kukwera pang'ono kwa shuga, koma kutsika kwake. Shuga akatsika kufika pansi pa 4 mmol/L pa kachipangizo koyezera shuga, wachinyamata amamva njala, amanjenjemera ndi kutuluka thukuta, koma wokalamba, makamaka wodwala matenda oiwalaiwala, nthawi zambiri sasonyeza zimenezi. Amangoti duu pampando, kuyankha zosagwirizana ndi funso, kupsa mtima popanda chifukwa, kapena kugwa popita kuchimbudzi usiku. Wosamalira akaona kusintha kwadzidzidzi koteroko, ayeze shuga asanaganize china chilichonse. Ngati watsikadi ndipo wodwalayo akutha kumeza, apatsidwe magalamu 15 a shuga, omwe ndi masupuni aang'ono pafupifupi anayi osungunula m'madzi, kenako ayezedwenso pakatha mphindi 15. Wokomoka asapatsidwe kanthu pakamwa, koma agonekedwe cham'mbali ndipo achipatala aitanidwe nthawi yomweyo. Zimenezi azidziwe onse, ngakhale ogwira ntchito usiku, amene kawirikawiri amaiwalika pokonza maphunziro.

Poopa kutsika kwa shugaku, madokotala amalola kuti HbA1c (muyezo wa magazi wosonyeza mmene shuga wakhalira pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo) ya okalamba ofooka ifike cha pa 8 peresenti, m'malo moumirira pa 7. Mankhwala amene munthu anayamba ali ndi mphamvu zake akhoza kumukulira akaonda kapena impso zikafooka, ndipo glibenclamide, amene amatsitsa shuga kwa nthawi yaitali, sayenera okalamba. Dokotala awunikenso mankhwala onse nthawi iliyonse imene wodwala wachepetsa kudya, waonda, akusanza kapena watuluka kumene m'chipatala.

Insulin (mankhwala obaya otsitsa shuga) yogwira ntchito msanga iyendere limodzi ndi chakudya, osati ndi wotchi yokha. Kubaya munthu chakudya chisanapse, kapena kuchotsa mbale osayang'ana kuti wadya zochuluka bwanji, ndiko kumadzetsa ngozi zambiri, motero wobaya ndi wogawa chakudya azilankhulana. Kumana okalamba zakudya zimene amakonda poopa shuga sikuthandiza kwenikweni, chifukwa wofooka akasiya kudya amalowa m'mavuto aakulu kuposa amene amapewedwawo.

Mapazi ayang'anidwe tsiku ndi tsiku posambitsa, makamaka pakati pa zala ndi kuzidendene kwa amene amakhalitsa pabedi, pakuti mitsempha ikaonongeka munthu samva kupweteka ngakhale chilonda chikukula. Kachilonda kalikonse, kutupa kapena kusintha kwa mtundu wa khungu kuonetsedwe kwa namwino tsiku lomwelo. Maso ndi impso ziyezedwe kamodzi pachaka.

Aliyense akhale ndi kachipangizo kakekake kobayira chala komanso chobayira chake cha insulin chooneka ngati cholembera, popeza kubwerekana kumafalitsa matenda a chiwindi a mtundu wa B. Insulin yosatsegula isungidwe mufiriji pa madigiri 2 mpaka 8, ndipo yotsegula ilembedwe tsiku limene yatsegulidwa, chifukwa mitundu yambiri imatayidwa pakatha masiku 28.